Thobwa la Anaphiri

Lolemba

Anaphiri apempha chakudya! Chibwerere kuchipatala ku Mua akazi angawa amangogona, chilichonse n'kupukusa mutu. Mpunga ayi. Usipa ayi. Tiyi amangomuyang'ana mpaka azizire. Lero akuti, "Likanakhala thobwa la mawere, lenileni, ndikanamwa."

Njinga mpaka ku Golomoti, dzuwa lili pamutu. Ndabwera ndi thobwa la m'botolo. Anunkhiza, abweza. "Awa ndi madzi otsukira mbiya."

Basi, ndiphika ndekha. Anamwino ananenanso kuti mawere amawonjezera magazi ndi kulimbitsa mafupa. Anaphiri atsala mafupa okhaokha, ndiye mawerewo ali ndi poyambira.

Zofunika: mawere (alipo m'thumba, okolola okha Anaphiri), ndowa, saka, kudekha (ndilibe).

Alamu anga a Esinati, akulu awo a Anaphiri, asadziwe. Akangomva alanda ntchito, ine n'kubwerera pa udindo wanga wa mkamwini, wothamangitsa nkhuku. Zaka zonsezi Anaphiri akhala akundiphikira. Ichi chokha chichoke m'manja mwanga.

Ndapeta, ndanyika. Tinjere take n'tating'ono ngati mchenga, ndipo tina ndi mchengadi.

Lachiwiri

Ndavuula, ndathira m'saka, ndafunditsa kuseri kwa chitseko. Anaphiri akuti amere kaye, ndiye chimera chimenecho. Ndafunsa ngati sitingangopera osadikira. "Ndiye mudzamwa nokha," atero Anaphiri ali chitsinzinire.

Lero alowetsa masipuni awiri a phala. Sipuni lachitatu labwerera m'mbale.

Lachitatu

Sanamere. Ndavundukula mmawa, sanamere. Ndavundukula masana, sanamere. Anaphiri ali pamphasa akumva kuphwatata kwa saka. "Mukawasuzumira amachita manyazi." Aseka pang'ono, kenako chifuwa chawagwira nthawi yaitali. Ndadandaula kuti ndawaseketsa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde. Koma nkhonoyo sinali ndi wodwala m'nyumba.

Lachinayi

Amera! Timizu toyera saka lonse, fungo lake lokoma. Ndayala mphasa pabwalo, ndayanika, ndakhala pampando ndi ndodo ngati mlonda wa kubanki.

Sindinaganize kuti chimera pabwalo la wodwala anthu amachiona bwanji. Azimayi ochokera kumjigo aima, ayang'ana chimera, ayang'ana chitseko, atsitsa mawu. Mmodzi wagwada. "Pepani bambo, zachitika nthawi yanji?" Posakhalitsa mkulu wa mphakati wathu wafika ndi buku la nyimbo m'khwapa.

Kenako a Esinati, chitenje chili m'manja, akulira kuchokera kumsewu. Alowa m'nyumba, apeza mng'ono wawo akupuma, atuluka ali moto. "Alamu! Mwayamba chimera cha maliro munthu ali moyo? Mwatopa naye? Nenani, timutenge!"

Ndafotokoza. Palibe womva. Mwamuna kuyanika chimera, ati, sizinaonekepo m'mudzi muno, pali china chake. Ndakwiya. Ine amene ndimawatembenuza, kuwasambitsa, kuwachapira, ndine ndatopa nawo?

Anaphiri amva zonse.

Lachisanu

Ndasamutsira chimera kuseri kwa bafa, kosaoneka anthu. Kumeneko chaonedwa ndi:
nkhuku zathu
nkhuku za a Esinati
mpheta za Mtakataka yense
mbuzi ina yosadziwika mwini wake

Ndinangolowa kukawamwetsa madzi Anaphiri. Potuluka ndapeza msonkhano. Chotsala n'chodzadza mbale imodzi, ndipo muli nthenga.

Madziwonso akuvuta kumeza. Milomo yauma gwa. Ndikuopa, ndinene zoona, ndikuopa kwambiri.

Loweruka

Kuchigayo magetsi azima. Wachigayo wayang'ana mbale yanga. "Ngakhale atayaka, madala, aka kangothera m'makina."

Ndasinja ndekha mumtondo, chitseko cha khitchini chotseka. Munsi umamveka ngakhale utseke. Ana a m'mudzi akusuzumira pazenera, akuitanizana. Tinjere tikudumpha, msana ukulira, ufa ukuchepa.

Phala la mgaiwa ndaphika. Anaphiri akulangiza ndi mawu ong'ung'udza, ine khutu pakamwa pawo. Lizizire kaye pang'ono. Chimera chilowe chala chikamapirira kutentha. Ndayesa ndi chala msanga, chatupa. Nditathira chimera, phala lolimba lija lasungunuka lokha, lasanduka madzi ofiirira. Ndinafuna kuitana mudzi wonse udzaone, koma mudzi wonse sukundiyankhula.

Ligone mpaka mawa.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita. Ndawiritsanso thobwa, ndaziziritsa, ndalawa. Ndi thobwa ndithu! Latsekemera lokha popanda shuga. Lakwana jagi imodzi.

Ndawadzutsa Anaphiri, ndawatsamiritsa pachifuwa panga. Anunkhiza nthawi yaitali. Apsontha kamodzi, asunga m'kamwa, ayesa kumeza, ayesanso. Latsikira pachibwano. Ndapukuta ndi malaya anga.

"Ndi lomweli," akutero. "Mwalitha, bambo."

Ndati tiyesenso madzulo, kapena mawa, thobwa silithawa. Angondigwira chala chotupa chija, osachisiya.

"Mawere otsala m'thumbamo mukawapatse achemwali. Anyike lero. Inu mumachedwa, ndipo anthu adzabwera ambiri."

Ndinafuna kukana. Ndawayang'ana, ndaona kuti sakufunsa.

Ndanyamula thumba masana, anthu akuweruka kutchalitchi, onse akuona. A Esinati alandira ndi manja awiri. Sanandikalipire. Alowa m'nyumba kukatenga ndowa.