Maliro a Mzungu wa M'foni

Nkhani iyi ndimaikana anthu akaiyambitsa pamsika, koma lero ndiinena ndekha, chifukwa enawo akumaithira mchere wambiri. Ndi yochititsa manyazi ndithu. Mukamaseka muziseka mwaulemu.

Ine ndine Fombe, butchala. Ndimapha mbuzi pamsika ku Nsanje, ndipo anthu amandidziwa kuti ndine wouma mtima. Akazi anga ndiwo ankadziwa kuposa onse. Tsiku lina atatopa nane anamanga kachikwama kawo.

"Inu chikondi mulibe. Mbuzi mumaisisita musanaiphe, koma ine simunandisisitepo. Ndapita kwathu ku Nyachikadza. Mukadzaphunzira mudzandiitane."

Anapitadi, kukwera bwato n'kuwoloka Shire.

Munali mu Januwale, mwezi womwe aliyense amalumbira kuti asintha. Ena ankasiya kachasu, ena ankayamba kupemphera. Ine resolution yanga inali imodzi basi: kukhala romantic, mayi abwerere pakhomo. Ndinapita kwa Jemusi, amene amaika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni pamsika pomwepo.

"Achimwene, ndiikireni filimu yophunzitsa chikondi."

"Inuyo a Fombe? Osati ya karate?"

"Ndati yachikondi! Tsitsani mawu."

Anandiikira yakalekale, ya azungu, yaitali ngati ulendo wa minibasi wopita ku Blantyre. "Iyi ndi classic," anatero. "Azungu onse anaphunzirira pomwepa."

Lamlungu masana ndinakhala pamphasa m'nyumba. Malata ankachita kuwotcha, ndiye mawindo ndi chitseko zonse zinali pululu. Ndinatseka makutu ndi mahedifoni n'kuyamba sukulu yanga.

Poyamba ndinkangonyoza. Msilikali wosauka, mwana wamkazi wa mpondamatiki, kuyang'anizana osanena kanthu ngati anthu odikira chenje. Chizungu chakenso chothamanga, ndinkangotola apa ndi apo. Kenako nkhondo inawasiyanitsa. Zaka zinapita, mkazi osakwatiwa, mwamuna osakwatira. Apa n'kuti ndasiya kunyoza. Pamapeto mkazi uja anakwera bwato pamtsinje wosefukira, mwamuna ali kutsidya akukweza manja. Atatsala pang'ono kufika, bwato lija gubudu!

Abale anga, chomwe chinandigwira sindichidziwa. Ndinalira. Osati timisozi tobisa tija ta amuna pamanda, ayi, kulira kokuwa, kodzigwira kumutu. Vuto la mahedifoni n'lakuti munthu sudzimva wekha.

Nditatsegula maso, pakhomo panali pataima mayi Nyakamera, oyandikana nafe nyumba, akumanga chitenje m'chiuno. Foni ndinailowetsa m'thumba msangamsanga.

"Ninji, a Fombe? Chagwa n'chiyani?"

Ine chifuwa chikadali befu befu: "Wamira... bwato lagubuduzika... anangotsala pang'ono kufika kutsidya..."

"Mayo ine! Mayi Fombe!"

Mfuu wa mayi Nyakamera umenewo unamveka mpaka kuchigayo.

Pamenepo ndiye ndikanalankhula. Koma butchala wathunthu unganene bwanji kuti ukulirira mzungu wa m'foni? Mawa lake ndani angagule nyama kwa ine osaseka? Ndinati ndidikire kaye anthu achepe, ndiwanong'oneze mayi Nyakamera paokha.

Anthu sanachepe.

Amayi anadzaza m'nyumba, mipando yanga n'kuitulutsa panja. Abambo anakhala pansi pa mtengo wa nimu, zipewa zili m'manja. Wina anakayala masamba pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pano pali zovuta. Wina anaimbira foni ya akazi anga, osapezeka. Netiweki ya ku Nyachikadza tonse timaidziwa, koma tsiku limenelo inasanduka umboni.

"Foni ili pansi pa madzi," anatero, ndipo kulira kunakwera giya.

Amayi a kutchalitchi anayambitsa nyimbo. Asodzi ananyamula nkhafi kuthamangira kudooko kukafunafuna mtembo ng'ona zisanaupeze. Ine n'kumangodikirabe kuti anthu achepe.

Bambo Thomu, mkulu wa mpingo wathu, anadzakhala pafupi nane n'kundigwira paphewa.

"Limbani mtima, a Fombe. Ife sitinkadziwa kuti mumawakonda chonchi."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinakumbukira mmene nyumba inazizirira chichokereni mayi, ndipo ndinayambanso kulira, ulendo uno zenizeni. Anthu anagwedeza mitu. Bodza langa linali litapeza misozi yoona.

Dzuwa litapendeka, kabaza anaima pamasamba paja. Wotsika ndani? Akazi anga! Mtima unali utawatsika, anaganiza zobwera okha kudzaona ngati ndikudya. Thumba la mbatata lili pamutu, anaona masamba, anaona khamu pakhomo pawo, anamva nyimbo. Thumba lija analiponya uko.

"Mwamuna wanga ine! Ndamupha ndi njala ine!"

Amayi a m'nyumba anasuzumira, n'kuona womira uja akubwera chothamanga, akulira.

"Mzukwa!"

Sindinaonepo nyumba ikukhuthuka msanga chotero. Ena pakhomo lakuseri, ena pawindo. Mayi Nyakamera, omwe ndi athupi ndithu, anakanirira pawindo, miyendo ikupalasa m'nyumba. Bambo Thomu anabisala kuseri kwa Baibulo lawo.

Tinatsala awiri, kuyang'anizana.

"Muli moyo?" anafunsa akazi anga.

"Ndili moyo. Inunso?"

Anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi, ena kuwatsina mayi pamkono kuti atsimikize. Atawafotokozera kuti maliro anali awo, akazi anga anandiyang'ana maso anga otupa aja. Nkhope yawo inafewa.

"Misozi yonseyi ndi yanga?"

Ndinagwedeza mutu. Anandigwira dzanja pamaso pa anthu, amayi n'kululutira. Mumtima ndinati Jemusi ndi dokotala, resolution yatheka, nyama ya mawa ndimupatsa yaulere.

Koma bambo Thomu anatsokomola.

"Mulungu alemekezeke. Komatu a Fombe, asodzi akadali pamadzi. Ngati mayi ali pano, wamirayo ndani? Ndi mwana wa munthu ameneyo, abale ake ayenera kumva."

Maso onse pa ine. Ndinayang'ana kudenga, thandizo kunalibe. Ndinapisa m'thumba n'kutulutsa foni, mahedifoni akulendewera.

"Ndi... ndi mzungu wina. Wa mufilimu."

"Wa mu chiyani?"

"Mufilimu, bambo Thomu. Koma anatsaladi pang'ono kufika."

Woyamba kuseka anali mayi Nyakamera, akadali pawindo pomwepo. Kenako khamu lonse. Amayi omwe ankalira aja anagubuduzika pansi, misozi yatsopano ikutuluka. Asodzi atabwerako, atanyowa ndi kulumidwa ndi udzudzu, sanaseke nawo. Anati satuluka pakhomo panga asanadye, ndipo mbuzi yomwe ndinkati ndikagulitsa Lolemba inathera pamaliro a munthu amene sanafikepo ku Nsanje.

Akazi anga okha ndiwo sanaseke. Anasiya dzanja langa n'kutenga foni.

"Ndimuone."

Ndinabweza filimu mpaka pomwe mkazi uja ankakwera bwato. Anamuyang'anitsitsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ameneyu? Wowonda ngati bango uyu? Ine ndawoloka Shire weniweni lero, wodzaza, wa ng'ona zenizeni, simunandifunse n'komwe ngati ndayenda bwino. Koma uyu mwamuitanira kwaya!"

"Mayi, ndimaphunzira..."

"Mwaphunzira zokwana." Foni ija anailowetsa m'chitenje. "Tolani mbatata zanga pamsewupo. Pakhomo pano sindichokanso. Munthu kungotembenuka pang'ono, mwayamba kale kulirira akazi a eni!"

Ndiye amuna anzanga, mkazi wa mwini muzimulirira chamumtima.