Makina Oonera Maselo Avala Chitenje Changa

Olemekezeka Bwana Wamkulu Wogawa Zipangizo m'Masukulu,

Eee bwana, tinaiona, musakayike. Mwafunsa pa wailesi ngati ife makolo a ku Ndirande tinaiona maikulosikopu ija, ndiye ndati ndiyankhe, poti matipate ano akuti tizilankhula. Ndine Petronela wogulitsa anyezi, mayi wake wa Tionge wa Fomu 4. Sukulu ndinalekera Sitandade 3, choncho akundilembera ndi aneba anga a Bonifasi. Lembani zooneka bwino a Bonifasi, awa ndi akuluakulu.

Choyamba, zikomo potilemekeza ndi magalimoto asanu pobweretsa kanthu kokwana m'dengu. Tinavina mpaka fumbi kobo! Ine poopa kuti makina angadetsedwe, ndinamasula chitenje changa cha nkhanga n'kuwafunditsa. Mutajambulitsa, makina analowanso m'galimoto ndi chitenje chomwe, akuti akawakonze pang'ono. Pang'onoyo watha miyezi isanu. Ndinu osamala zedi, bwana.

Chachiwiri, Tionge amandiuza kuti munthu, anyezi, chilichonse chamoyo chinamangidwa ndi timaselo tosaoneka ndi maso. Akuti selo imodzi imagawikana n'kukhala ziwiri, ziwirizo zinayi, ndiye kukula kwa mwana kumeneko. Aphunzitsi ake a Dominiko anati pakufunika kakhungu kopyapyala ka anyezi, akaike pa kagalasi, ana asuzumire. Ndinapereka anyezi wosankha. Poti makina kulibe, ana amakweza kakhunguko padzuwa n'kumatsinzina diso limodzi. Mpaka lero aona dzuwa lokha. Akatero amakopera zomwe aphunzitsi ajambula pa bolodi, zooneka ngati khoma la njerwa. Ndikanadziwa bwenzi nditangopereka njerwa, anyezi wanga n'kugulitsa.

Chachitatu... tili pachitatu eti? Eya. Wailesi inati a ku Chilomoni alandira maikulosikopu, kenaka Zingwangwa, kenaka Bangwe. Ndinasangalala, ndimvekere kani makinawa nawonso amagawikana ngati selo! Koma a Bonifasi atapita kukaona mwana wawo ku Bangwe anapeza mwambo uli mkati, makina ali patebulo atavala nkhanga zanga, pamene ndinawotcha ndi simbi pali pomwepo. Chitenje changa chaona masukulu ambiri kuposa mwini wake. Ayi a Bonifasi musafufute, ndikuyamikira.

Tsono bwana, mayeso atsala masabata atatu. Tionge akulemba kachiwiri, ndipo amalume ake ananeneratu kuti akalepheranso sukulu yathera pomwepo, adzakhale nane pamsika. Mwanayu akufuna unamwino. Kodi namwino angakhale woti selo anangoimva ngati mbiri ya maliro?

Ndagwada bwana. Tamva kuti Loweruka mukukapereka makinawa ku Machinjiri. Podutsa, galimoto imodzi yokha ingoima kuno kanthawi kochepa. Ana alipo 80, aliyense diso limodzi, kuphethira kamodzi, basi. Anyezi ndibweretsa. Chitenje sungani, mwina chimakoma pa chithunzi.

Ine wanu wovina mokhulupirika,
Petronela

Lembaninso pansipo zimene mwanenazi a Bonifasi, bwana amve. Akuti: "Mayi a Tionge, musavutike ndi sitampa. Loweruka mwanayo mum'veke chitenje akavine ku Machinjiri. Makina amenewo amayandikira ovina, osati ophunzira."