Mitu Isanu ndi Itatu ya Seva Yathu

Lolemba
Kutentha. Seva, kompyuta yosunga webusaiti ya kopaletivu yathu ya mpunga, ikupuma wefuwefu. Purosesa, ubongo wake, ili ndi mitu isanu ndi itatu, koma mutu umodzi wokha ndiwo ukutsekula loko woteteza uthenga wa wogula aliyense. Inayo ili phee. Lachisanu ogula a ku Lilongwe ayamba kuoda pa webusaiti, ndiye ndikufuna pulogalamu ya lodibalansa igawe ntchito ku mitu yonse. A Manijala akuti, "Chitani, bola osagula kanthu."

Lachiwiri
Ndasintha. Mitu yonse yadzuka! Koma uliwonse ukusunga makiyi akeake. Wogula akapatsana moni ndi mutu woyamba, wachitatu ukumufunsanso kuti ndiwe yani. Munthu mmodzi walowa, watulutsidwa, walowa, kenako waimba foni kutukwana.

Lachitatu
Makiyi ndawaika pamodzi, zikuyenda. Masana seva yatentha ngati simbi, yazima yokha. Fani ya m'chipinda cha seva kulibe. Ndaipeza mu ofesi ya a Manijala, ikupepesera mapazi awo. Akuti, "Makina satuluka thukuta, achimwene."

Lachinayi
A Manijala abwera ndi mlamu wawo, fundi wa mafoni wa pa Uliwa. Zida zake:
sikuludiraiva,
mswachi wakale,
kudzikhulupirira.
Wayang'ana seva ngati akugula mbuzi. Akuti vuto walipeza: "Shida ni maloko. Chotsani maloko, iyenda." Ndikufotokoza kuti popanda loko mapasiwedi a anthu ayenda maliseche. A Manijala akugwedezera mutu mlamu.

Lachisanu
Ndafika mochedwa, kabaza inaphulika tayala. Maloko achotsa kale. Webusaiti ikuthamanga kwabasi, poti mulibe munthu. Foni ya wogula aliyense ikumuchenjeza kuti pano sipotetezeka. Mayi Nyakaonga, mlimi wa ku Hara, akhala pa matumba awo panja kuyambira m'mawa. Andiyang'ana, afunsa m'chikwawo komwe mpunga wawo ukupita: "Mpunga wane ukuluta nkhu?" Fundi wapita kukadya.

Loweruka
Ndikubwezera maloko ndekhandekha. Ogula apita kwina. Mayi Nyakaonga agulitsa mpunga wawo kwa mavenda a pamsewu, pamtengo wolira nawo. Sanandilonjere.

Lamulungu
Ku tchalitchi a Manijala akuuza anthu kuti zinthu za masiku ano n'zosadalirika. Madzulo uthenga wawo wafika: popeza mitu yachuluka n'kusokonezana, mawa ndichotseko inayi ndiwaikire mu laputopu yawo, ikuchedwa. Mlamu adzandithandiza.
Ndayankha kuti chabwino, bwana.