Wotchi ya Che Faizal Yopuma Masana

Pa sikimu yathu ya mpunga aliyense ankadziwa kuti wotchi ya Che Faizal imapuma masana. Eya, wotchi kupuma ngati munthu wodwala mutu! Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima.

Wotchiyo anawatumizira mwana wawo wa ku Joni, yagolide, yaikulu ngati kambale ka mchere. Komiti itangoona kunyezimirako, basi inawapatsa ntchito yogawa madzi. Madzi akachepa mu mtsinje wa Likangala, mlimi aliyense amathirira maola awiri, ndipo wonena kuti geti la ngalande litsegulidwe kapena litsekedwe anali Che Faizal. Ine Abiti Rashidi puloti yanga ili kumapeto kwenikweni kwa ngalande, ndipo nthawi yanga inkayamba thwelofu koloko masana.

Koma kuwafunsa nthawi unali mlandu.

"Che Faizal, nthawi ili bwanji?"

"Imani patali, Abiti. Mpweya wanu uchititsa dzimbiri."

"Ndingoona nawo basi."

"Maso ambiri amatha golide. Iyi ku Joni amavala mabwana okhaokha."

Geti ankandikwezetsa ine, mzimayi, iwo ali chilili mkono m'mwamba ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho. Ati madzi angadonthere wotchi. Tsiku lina anaterereka n'kugwera mu ngalande. Tinangoona mkono wokha uli pamwamba pa madzi, wotchi ili nyezinyezi. A Makisoni, a puloti yoyamba kumtunda, anathamanga kuti awagwire dzanja lomwelo.

"Osati limenelo!" anakuwa akulavula matope. "Gwirani mwendo!"

Anawakokadi mwendo.

Nanga kasamalidwe kake! Lachisanu lililonse asanapite ku mzikiti ankaikwecha ndi phulusa. Golide uja anayamba kusupuka, pansi pake n'kuoneka chitsulo chotuwa ngati cha ndowa, mkono wawo n'kubiriwira. A Makisoni anawauza kuti mawotchi oterewa ali mbwee pa msika wa ku Zomba, mulu umodzi ndi magalasi a dzuwa. Che Faizal sanawalankhule mwezi wathunthu. Ife anangotiuza kuti golide weniweni amafundula ngati njoka.

Chonditopetsa koposa chinali cha masana chija. Ndikangokweza geti, iwo ankasolola kachitsulo ka pambali, wotchi zii. Kenako kuikulunga mu sokosi, ulendo pansi pa mtengo wa mango.

"Batire lake ndi la ku Joni, kuno silipezeka. Ndi dzuwa ili lingapse. Ipume kaye."

"Nanga ine ndidziwa bwanji kuti nthawi yanga yatha?"

"Ikadzuka ikuuzani."

Popeza wotseka geti ndinali ine ndemwe, sindikanachoka. Ndinkangoyendayenda, ku puloti, ku mango, ku puloti, ku mango, ana kunyumba ali ndi njala, mwini wotchi akuliza mkonono. Akadzuka ankaikonza poyang'ana dzuwa, diso limodzi atatsinzina. Ndinakawanenera ku komiti kawiri. Kachiwiriko ndinawatcha aulesi pamaso pa anthu, iwo anangopukuta galasi ndi mpango.

Che Faizal anatisiya chaka chatha. Mwana wawo atabwera, anaseka pamene tinamuuza za wotchi, ati anangoigula pamsewu akudikira basi. Kunena zimenezo bambo ake atangoikidwa kumene! Ndinatsala pang'ono kumumenya khofi.

Ntchito ija anaitenga a Makisoni ndi foni yawo. Foni sipuma. Thwelofu geti latseguka, thu koloko alamu yalira, geti latsekedwa. M'pamene ndinadziwa kuti madzi kuchoka pa geti kudzafika kwa ine, mu ngalande youma, amayenda ola ndi theka. Zaka zonsezi ndikanadziwa bwanji, ine wopanda wotchi? Sabata ino madzi anyowetsa ndime imodzi yokha mwa zinayi, mpunga wayamba kufiira. Ndinapempha mphindi khumi, a Makisoni anangoti, "Nthawi ndi nthawi, mayi."

Masiku ano pa sikimu pali bata. Palibe wokangana, palibe woseka, aliyense amaweruka msanga. Ena ayamba kunena kuti Che Faizal ankachitira dala kuti madzi andikwanire, pondimvera chisoni. Kaya. Koma ngati n'zoona, sindiwakhululukira. Bwanji osandiuza ali moyo kuti ndiwathokoze, m'malo mondisiya ndiziwatukwana pa komiti?