A Chibale ndi Apongozi Awo Awiri

Pa kampani ina yonyamula katundu panali bambo amene anadzaza kompyuta ndi achibale, moti anthu ankangowatchula kuti a Chibale.

Ntchito yawo inali kulemba timapulogalamu touza madalaivala njira. Malo alionse otsitsira katundu anali ndi kabokosi kake mu kompyuta, ndipo m'kabokosimo munkakhala dzina la kabokosi kotsatira. Pulogalamu inkawerenga dzinalo, n'kupita kukagogoda kumeneko, n'kuwerenganso dzina lina, mpaka ulendo kutha. Anzawo a ntchitoyi amaika manambala. Iwo ayi. "Malume" ankaloza kwa "azakhali", "azakhali" kwa "mlamu", "mlamu" kwa "apongozi".

Amene ankaona nazo zakuda anali kalaliki, mayi wamasiye amene ankakhala nawo m'kaofesi kopanda zenera, kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu.

"Achimwene, galimoto ya lero idzera kuti?"

"Funsani malume."

"Malume akenso ati?"

"A mu kompyuta, achemwali. Akakutumizani kwa azakhali musakwiye, ndi mmene alili."

Tsiku lina bwana analowa ndi alendo a mataye n'kupeza a Chibale akumenya tebulo. "Mlamu wandithawa! Dzulo lomweli anali pano!" Mlendo wina anawagwira paphewa n'kuwapepesa. Iwo analandira chipepesocho ndi nkhope yogwa bwinobwino, ndipo kalaliki anathawira kuchimbudzi kukaseka.

Koma tsiku limene galimoto inanyamula anapiye, kalaliki sanaseke. Polowetsa njira yatsopano, chala chinamuterereka, n'kulemba "apongosi". Pulogalamuyo sinkadziwa kudandaula: ikapeza dzina lachilendo, inkangopanga kabokosi kena kopanda kanthu, ulendo n'kuthera pomwepo. Masana dalaivala anaimba foni.

"Pepala la njira lathera pamphambano! Dzuwa ndi ili, anapiye ayamba kugwa m'makatoni. Ndilowere kuti?"

Kalaliki anakumbukira kuti njirayo anailowetsa ndi iye. Anali ndi ana pasukulu, ndipo bwana sankachedwa kulozera munthu pageti. A Chibale anakokera mpando pafupi, n'kuyamba kutsata mayina ndi chala pagalasi la kompyuta.

"Odi malume... odi azakhali... odi mlamu..." Anaima, n'kuvula magalasi. "Achemwali, mwandipezera apongozi achiwiri? Ine oyamba omwe sindinawaonepo!"

Anakonza chilembo chimodzicho, n'kumuwerengera dalaivala njira pafoni. Anapiye anafika ali wefuwefu, koma amoyo. Bwana atabwera akufuka utsi kudzafunsa wolakwa, a Chibale anati, "Nkhani za m'banja izi, bwana. Tazikamba kale."

Mtima utakhala pansi, kalaliki anawafunsa chimene sankaikira manambala ngati anzawo. Anayamba apukuta magalasi nthawi yaitali.

"Kunyumba ndikalowa, ndimayankhula ndi ketulo," anatero. "Kuno ndikaitana, amayankha."

Anaseka okha. Kalaliki anayesa kuwathandiza kuseka, koma sizinatheke.

Lolemba lina a Chibale sanabwere. Mwininyumba wawo ndiye anadzanena kuti anawapeza atakomoka pakhomo, ndipo anamwalira atangofika kuchipatala. Kalaliki anafunsa kuti uthenga utumizidwe kwa ndani. Mkuluyo anatambasula manja. Zaka zonse zimene anakhala m'nyumba mwake, sanaonepo mlendo, ngakhale wosochera.

Pamaliro panali madalaivala, alonda ndi bwana. M'busa atafunsa kuti wachibale ndani, aliyense anayang'ana nsapato zake. Kalaliki anaimirira.

"Ndine mlongo wawo," anatero, ndipo palibe anatsutsa.

Kampani inagula pulogalamu ina, yachangu, yosasochera. Patebulo la a Chibale anaunjikapo makatoni ndi zingwe. Madalaivala salowanso m'kaofesi kaja kudzacheza, amangotenga pepala pakhomo n'kumapita. Kalaliki anabweretsa kawailesi kuti muzimveka mawu a munthu, ndipo masiku ena amati akutseka chitseko poweruka, n'kuzindikira kuti chifikireni m'mawa sanatsegule pakamwa.