Msana Umene Unabereka Thirakitala

Inu a kabaza, mukuseka chiyani? Linunda langali? Sekani, koma amene akuti ndine wabodza abwere aligwire, amve ngati si mwala. Anthu a pa Masambanjati pano mumangoti msana, msana, mukuyesa ndi poyanika malaya. Mawu amenewo munawapeza chifukwa cha ine! Ndisanalembedwe ntchito ku esiteti, anthu kuno ankangoti kumbuyo kukuwawa. Ataona wangawu m'pamene anati ayi, chinthu ichi chikhale ndi dzina lakelake. Mukumva?

Chaka chimenecho akazi anga, a Esitere, anali ndi pakati, atatopa kale. Kapitawo wathu, munthu wouma mtima, analamula kuti wosamaliza mgwazo, mizere ya tiyi imene wakupimira tsikulo, afufutidwa dzina ndipo atuluke m'nyumba ya kampani. Mvula ili pakati, tikanalowera kuti? Ndinati a Esitere gonani, mgwazo wanu ndithyola ndine.

Ndinalowa m'munda mame asanaume, ndikuthyola ndi manja onse awiri, masamba awiri ndi nsonga, masamba awiri ndi nsonga, dengu litadzaza ndinapondereza, litadzazanso ndinasanjikapo lachiwiri, lachisanu, lakhumi, mpaka mthunzi wake unakagwera ku Bvumbwe, nkhuku zakumeneko n'kulowa m'khola poyesa kwada, ine miyendo ikumira mpaka m'mawondo, moti zigwa mukuziona m'minda ya tiyizi ndi mapazi anga amenewo, Mulungu ndi mboni! Nditafika pa sikelo, sikelo inathyoka. Thirakitala yodzatenga tiyi inatitimira m'matope, ine n'kuibereka ndi tiyi wake yemwe, dalaivala ali momwemo akuitana amayi ake, mpaka kukaitula pakhomo pa fakitale. Mukumva?

Tsono m'mawa womwewo, ndisanamalize mzere woyamba, anabwera mayi wina woyandikana naye nyumba, ali wefuwefu. Anati, "A Namakhwa, thamangani! Akazi anu matenda ayamba, magazi sakusiya."

Ndinayang'ana kapitawo. Ndinayang'ana mizere yotsala. Ndinati, "Kawauzeni alimbe mtima, ndingomaliza mgwazowu."

Ndinamalizadi migwazo yonse iwiri, wanga ndi wawo. Dzuwa litapendeka ndinawabereka a Esitere pamsana womwewu, ulendo wa kuchipatala, ndikuthamanga, ndikuwauza kuti nyumba yathu yapulumuka. Anali opepuka ngati dengu lopanda kanthu. Pa mlatho ndinamva manja awo akumasuka pakhosi panga. Ndinawerama kuti asagwe, ndinapitirira chowerama mpaka kuchipatala, komwe namwino anangowagwira pamkono n'kundiuza kuti ndabwera ndi maliro. Mwananso anapita nawo.

M'nyumba muja sanandichotse. Ndinakhalamo ndekha, ndipo mtima umandiwawa mpaka lero.

Za thirakitalazo kanani ngati mukufuna, mwina ndathirako mchere. Koma chiweramire pa mlatho paja, msana uwu sunawongokenso. Bwerani muugwire, a kabaza. Nanga mwasiyiranji kuseka?