Chilumba Chimene Tinachidula ndi Mapazi

Sekani, amake Chisomo, sekani ndithu, chitenje mwabisamo pakamwacho chikugwedezeka ndipo ndikuchiona. Inunso a Naphiri kumapetoko, mwasiya kusankha mpunga mwayamba kutsina anzanu. Palibe kanthu. Ine mukundidziwa, ndakhala nanu muno mu Area 25 kuyambira kale, sindinakanganepo ndi munthu pa mzere wa madzi, kutchalitchi ndimakhala benchi lakumbuyo, ndiye bodza ndiliyambe lero, pokonzekera ukwati wa mwana wa mnzathu? Amene akuti amake Tadala sanakwerepo sitima ya panyanja ya mchere asendere pafupi, chifukwa mawu anga ndi ochepa ndipo sindibwereza.

Anandiitana ndi alamu anga a Namaseko, achemwali a bambo a Tadala, anamwino aja ali ku Durban. Zinali zaka zija mafoni a tochi atangofika kumene. Alamu anali atakonza zokapuma ndi amuna awo pa sitima zoyenda ndi alendo zija, zimene lero zaima doko ili, mawa doko lina, koma bambowo atangoiona nyanja pa chithunzi mutu unayamba kuzungulira, ndiye alamu anati malo asawonongeke, bwerani ndinu. Ana ndinawasiya ndi bambo awo, munthu wabwino mtima koma wosadziwa pamene timasunga mchere, amene anamulukapo Tadala tsitsi kamodzi, kukoka kwake mwana n'kumagona maso ali chitsegulire. Ndinawalonjeza anawo kuti ndibwera msanga.

Sitimayo ndiifotokoze bwanji? Tengani nkhokwe zonse za chimanga za ku Kanengo, muzigoneke pansi, muzilumikize, pamwamba pake musanjikepo zina, muzipake laimu, muboole mawindo, ndiye mwangopanga kumene khitchini yake. Kutalika kwake, akutsogolo ankadya chakudya cha Lachiwiri akumbuyo tikadali Lolemba. Pansi nyanja, padenga dziwe losambira, ndipo m'dziwemo munalinso bwato. Mukumva? Tsono ine, monga tinaleredwera kwathu ku Ntcheu, sindikanatha kugona nyumba imodzi ndi anthu osawapatsa moni, ndiye ndinayamba chitseko choyamba, odi, muli bwanji, kunyumba mwasiyako bwanji, nanga ana, chitseko chachiwiri chimodzimodzi, kukwera chikepe, kutsika chikepe, Azungu, Amwenye, Matchaina, ena kundipatsa matawulo akuda poyesa ndine wantchito, mpaka pamene ndinazungulira n'kubwerera pa chitseko choyamba chija, khanda limene ndinalisiya likuyamwa linanditsegulira lokha n'kundiyankha kuti ndili bwino kaya inu.

Chakudya ndiye musanene. Matebulo kuyambira apa mpaka pa msika wa Nsungwi, aliyense kudzitengera yekha, osadziwika kuti ukwati wake ndi wa ndani. Ine nditadya manyazi anandigwira, ndinamanga chitenje n'kulowa kuseri kukathandiza kutsuka mbale. Anyamata a kumeneko anafuna kunditulutsa, koma mkulu wa ophika, bambo wamfupi wa imvi, wochokera kutali kwambiri, anandiyang'ana n'kumvetsa. Sanandiseke. Anandipatsa kampando ndi kansalu, n'kundisiya ndipukute masipuni kuti mtima wanga ukhale pansi, ndipo ataona kuti ndikuyang'ana pansi pa poto, kuyambira tsiku limenelo ankandisungira nkhoko za mpunga m'kambale kovindikira. Anthu abwino aliko kunja kuno, amayi anzanga.

Tikafika pa doko ankatitsitsa kuti tikaone malo. Ankatimata timapepala pachifuwa ngati matumba a feteleza, n'kutipatsa wotitsogolera, mtsikana wina wowonda wonyamula ambulera yachikasu, amene ankayenda ngati wasiya mkaka pamoto. Lamulo lake linali limodzi ndipo ankalinena akutiloza ndi ambulerayo: lipenga la sitima likalira kachitatu, wotsala watsala, sitima si minibasi, sidikira munthu, ndipo mapasipoti anu onse ali m'katimo. Ku Maputo ndinamumvera bwinobwino. Anationetsa nyumba zakale, anatilowetsa mumsika momwe ndinaona ziwala za m'madzi zimene amadya kumeneko, zazikulu ngati mbuzi, moti amazimangirira pa chikhomo kuti zisadye kabichi wa anzawo, ndipo ndinabwerera m'sitima nthawi yabwino.

Zinavuta ndi pa chilumba. Dzina lake lilime langa limakana, koma ndi cha mchenga woyera ngati ufa, mitengo ya kokonati yokhayokha. Tikuyenda pambuyo pa ambulera ija, anzanga akujambula nyumba za eni ake popanda ngakhale odi, kalamba ka nsapato yanga kanaduka. Alamu anali patsogolo, sanaone. Ndinakhala pa mwala kuti ndione chochita, gulu n'kukhota pakona. Pomwepo panatulukira mayi wina, wa msinkhu wangawu, dengu lalikulu pamutu. Anatula dengulo, anagwada, anatenga phazi langa n'kuliika pa ntchafu pake ngati la mwana wake, anasolola ulusi wa ukonde m'mpango wake n'kusoka nsapatoyo, ndipo asanandiveke anayamba wandipukuta mchenga pakati pa zala. Anadzigunda pachifuwa nati, "Amina." Nanenso ndinadzigunda: "Amake Tadala." Chilankhulo chathu chinathera pomwepo.

Tsono ndiuzeni inuyo, munthu wakuchitira zotere n'kukulozera nyumba yake, ukana? Ndinapita, kutsidya lina la chilumba. Anandiyalira mphasa, anandiboolera kokonati, ndinamwa. Lipenga loyamba linalira. Ndinatsanzika mwaulemu, iye n'kundinyamulira chikwama, chifukwa nawonso kumeneko mlendo sachoka yekha ngati wakuba, amaperekezedwa. Tinayenda mpaka kugombe kumene maboti otibwezera ku sitima ankadikira. Tinagwirana chanza. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti amayi ake, amene ankapeta kuseri kwa nyumba, sindinawatsanzike. Ndikanakwera boti ndi nkhope yanji? Tinabwerera.

Nditawatsanzika, Amina anandiperekezanso. Kufika kugombe, ndinamuona akutembenuka kuti abwerere yekha, dzuwa lili paliwombo, dengu pamutu, mtima wanga unakana, ndinati ndimutaye pang'ono pa mtengo uwo. Pa mtengowo nkhani inakoma. Inu mukudziwa kuti nkhani zenizeni zimabwera potsanzikana, umakhala m'nyumba ya mnzako tsiku lonse kukamba za mvula, koma mukangoima pa msewu m'pamene amakuuza zimene apongozi ake anachita. Ifenso chimodzimodzi, ndi manja okha, ndi nsidze, ndi kuusa moyo, tinakambirana za amuna osamva, za maondo opweteka, za mwana wake wamkazi amene akufunsiridwa ndi msodzi waulesi, ndipo pozindikira tinali titafikanso pakhomo pake. Iye sakanandisiya ndibwerere ndekha. Ine sindikanamusiya abwerere yekha. Mukumva mmene zinalili?

Tinapita, tinabwera, tinapita, tinabwera, njira yomweyo, mapazi omwewo, ndipo mchenga wa kumeneko ndi wofewa, moti kanjira kaja kanayamba kukumbika, koyamba kufika m'akakolo, kenako m'mawondo, kenako m'chiuno, lipenga lachiwiri likulira tinali tikuyenda m'ngalande yofika m'khosi, anthu a m'mudzi akungoona dengu ndi duku zikuyenda pamwamba pa mchenga ngati nkhuku ziwiri, ife osaleka, mpaka kumwamba kunasanduka kamzere kakang'ono, achibale a Amina akutitsitsira madzi akumwa pa chingwe, ife tikudutsa mafupa a nsomba zakale, nangula wa anthu akale, miphika ya makolo awo, mpaka pansi pa mapazi athu tinayamba kumva atambala a kunsi kwa dziko akulira ndi mayi wina wa ku Amereka akukalipira mwana kuti asambe. A Naphiri, musandiyang'ane choncho, mwanayo dzina lake ndinalimva, koma si nkhani ya lero.

Lipenga lachitatu linatipeza tili kumapeto kwa chigwembecho, mbali ya kugombe. Amina anandibereka paphewa, ndinasuzumira. Maboti palibe. Ambulera yachikasu palibe. Sitima ija, chinthu chachikulu ngati tauni, inali itachepa ngati bokosi la machesi, ikulowera kumene madzi amakumana ndi mitambo. Apa ndiye kuseka kunatha. Ndinaona ana anga akudya ndiwo zopanda mchere mpaka kukula, ndinaona Tadala akupita ku sekondale ndi mutu wolukidwa ndi bambo ake, ndinaona inuyo amake Chisomo mukuuza anthu pa mpopi kuti mayi uja anathawa banja n'kukakwatiwa ndi Mpwitikizi. Ndinakuwa. Koma kukuwa kwanga mukukudziwa, ngakhale mphaka wogona sadzuka. Nkhanu imodzi yokha ndiyo inatembenuka.

Ndinavula nsapato zija, ndinazipinda bwinobwino m'chitenje kuti ulusi wa Amina usanyowe, ndinamusonyeza ndi manja kuti ndiitsatira sitimayo chosambira, ine amene madzi akandifika m'mawondo ndimaitana abusa. Iye analira, nanenso ndinalira, kenako anapukuta misozi, anasenza dengu lake, n'kundigwira dzanja. Ankati andiperekeze mpaka m'madzi. Tinaponda limodzi kakhoma ka mchenga kamene kanatsala pakati pa chigwembe chathu ndi nyanja, ndipo kanagumuka.

Mayo ine! Munaonapo beseni la madzi mwana akalipendeketsa? Nyanja yonse ya mchere inapendekera kwa ife, inalowa m'njira yathu ija ndi mkokomo woposa malole onse a pa M1, ife tinangodumphira m'dengu n'kukhala ngati anapiye, madzi akutikweza, akutizunguza, nsomba zikudutsa pamwamba pa mitu yathu zikupepesa, ku Durban madzi anaphwa moti anthu ankatola nsomba ndi manja atavala masuti, ku Maputo ziwala zija zinadula zingwe, ndipo kutali kuja kabokosi ka machesi kaja kanaima, kanagwedezeka, kenako kanayamba kukula. Sitima inali kubwerera chambuyo! Madzi ankaikoka ngati mmene minibasi imabwerera kondakitala akaona mayi wonenepa akuthamanga ndi katundu kuchokera ku Dzenza, injini zikulira kufuna kupita kutsogolo, nyanja ikukana, mpaka inalowa m'ngalande yathu, inakwana ndendende ngati phazi mu nsapato, n'kuima. Dengu linatitula pamtunda, ndipo chitseko cha sitima chinali pamaso panga penipeni. Ndinangopukuta mapazi n'kunena odi.

Mtsikana wa ambulera anangokhala pansi. Alamu anga anatulukira ndi kapu m'manja.

"Alamu, munali kuti? Tiyi wanu wazizira."

"Ndimatsanzika, alamu."

"Mwatsanzika bwino?"

"Pang'ono."

Kenako anatsika kaputeni mwini wake, chimunthu cha ndevu mpaka pa lamba, nkhope yofiira. Ine ndinagwada, ndinati pepani bambo, ndakubwezani pa ulendo. Iye anayang'ana kumbuyo, anayang'ana kutsogolo, anaona kuti chilumba chimene ankachizungulira kuyambira unyamata wake tsopano chili ndi mpata wa madzi pakati, anavula chipewa n'kundigwadira nayenso, moti tinakhala chogwada tonse, aliyense kudikira mnzake kuti ayambe kudzuka, mpaka ophika anabwera kudzatinyamula. Anafuna kuti mpatawo autche dzina langa. Ndinakana, ine si munthu wokonda kutchuka. Mukapeza mapu a mwana wa sukulu muyang'ane, pamene panali chilumba chimodzi pali ziwiri, ndipo aphunzitsi akakuuzani kuti chinadula ndi chivomezi, muwasiye, nawonso ayenera kudya.

Kunyumba ndinafika. Ana ndinawapeza amoyo, owonda pang'ono, akuthira shuga m'nyemba.

Koma pali chimene chimandidzutsa m'mawa uliwonse. Sitima ikutuluka mu mpata uja, ndinathamangira kumbuyo kwake kuti ndimubayibitse Amina. Anali ataima pamtunda, dengu pamutu, akugwedeza mpango, akuseka ndi mano onse. Ndinagwedeza chitenje. Kenako ndinayang'anitsitsa. Amina anali tsidya lino. Nyumba yake, amayi ake, mbuzi zake ndi moto umene anausiya ukuyaka, zonse zinali tsidya linalo, pakati pali nyanja yakuya yokhala ndi anamgumi. Mnzanga anandiperekeza komaliza, ndipo ine sindinamubweze.

Ndiye amene mumandiona Loweruka ku mtsinje wa Lingadzi, nditagwira chigubu pachifuwa ndikumenya madzi ndi miyendo, mumati amake Tadala azungulira mutu, lero mwadziwa. Ndikuphunzira. Munthu uja waima pagombe akundidikira, ndipo ine sindinaleredwe kusiya mnzanga panjira. Amake Chisomo, poti inu ndi amene mukukayika kwambiri, tikatha ukwatiwu mundiperekeze mukadzionere nokha. Kungoti kunyumba muwasonyezeretu bambo pamene mumasunga mchere, ndipo muvale nsapato zolimba, chifukwa tikakafika ine ndikamuperekeza, iye adzandiperekeza, ndipo dziko lino likadali ndi malo ambiri osadulidwa.